KALATA YA KOMPYUTA IDATSALA PANG'ONO KUPASULA BANJA KU GEISHA

Abale anzanga a m'misika, nkhani iyi ndikuilemba nkhope iri pansi, chifukwa mwa anthu atatu amene tidaphika nsima yosapsayi mmodzi ndine. Koma poti chaona mnzako chapita mawa chiri pa iwe, ndingoulula zonse kuti mwina wina apulumukirepo.

Lidali Loweruka m'mawa, kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa kalendala kaja kakuwaza. Ndidapita kwa achemwali anga ku Geisha kukamwa tiyi. Tisanathire n'komwe shuga m'makapu, tidangomva chitseko cha mpanda chiri phwaa! Kulowa mayi wina wojintcha, chitenje atamangira m'chiuno ngati akupita kokalanditsa ndewu, kalata iri m'manja. Pambuyo pake pakubwera bambo wa jekete, mkulu wa mpingo wolemekezeka m'dera lonselo, akuyenda ngati nkhuku yonyowa.

"Mundiuze lero lomwe, amayi inu! Wigi imeneyi amuna angawa adagulira ndani? Nanga nsapato za nambala 5 ndi za yani, poti ine ndimavala 8?"

Achemwali adangoti kakasi. Ine tiyi adandikanika kumeza, chifukwa kalatayo ndidaizindikira iri patali. Mawu ake adali anga.

Kuti mumvetse, tiyambire kuchiyambi.

Achemwali angawa geni yawo ndi ya zitenje, nsapato, zikwama ndi mawigi. Katundu amakapikula ku Kyela, nthawi zina mpaka ku Kariakoo ku Dar es Salaam, kudzera pa chipata cha Songwe. Zikathina amangooda pa Taifa pompano. Benchi alibe, kaya mumsika waukulu kaya ku Zigwagwa. Sitolo yawo ndi chikwama chachikulu ndi miyendo iwiri. Amayenda m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo, kusiya katundu pa ngongole, mwezi ukatha n'kumakatolera. Chuma chawo chonse chimagona m'kope limodzi lachikuto cholimba, lakuda, limene amalisunga kunsi kwa pilo.

Inu nonse mukudziwa kuti wokongola amabwera chokwawa, koma tsiku lobweza amasanduka bwana. Ukafika pakhomo mwana amatuluka n'kunena kuti, "Amayi akuti kulibe." Kale zimenezi munthu unkangoseka. Koma kuyambira pamene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole yokhalitsa idasanduka mchere wogwera m'madzi. Ndalama yobwera patatha miyezi isanu ukapita nayo ku Songwe, sigulanso katundu yemwe uja udakongoza. Achemwali adayamba kuonda ndi maganizo, kope likunenepa.

Apa ndi pamene adalowerera mwana wawo, muphwa wanga, amene akuphunzira za makompyuta pa koleji ina mumzinda muno ndipo ali ndi kalaputopu kakaunjika kamene amakakonda kuposa mbale ya nsima.

"Amalume," adatero, "amayi akutha nsapato pachabe. Makampani sayendera munthu mmodzimmodzi. Amalemba kalata imodzi yokha, kompyuta n'kuibereka kambirimbiri, iriyonse ndi dzina la mwini wake."

KALATA IMODZI, MAINA AMBIRI

Nzeru yake ndi yosavuta, ndipo inu mudaiona kale. Mukukumbukira makhadi a ukwati aja osindikizidwa onse mofanana, n'kusiya mpata wa timadontho pamene a komiti amalembapo ndi bolopeni kuti Bambo ndi Mayi Uje? Ndi zomwezo, kungoti cholembera chiri ndi kompyuta. Pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi kaundula, ndandanda wa anthu anu wokhala m'mizere: munthu aliyense mzere wake wopingasa, ndipo m'mizere yotsika muli dzina, nambala ya foni, katundu amene adatenga, tsiku ndi ndalama yotsala. Chachiwiri ndi kalata imodzi yokhala ndi mipata. Mukalumikiza ziwirizi, kompyuta imatenga mzere woyamba, kudzaza mipata, kutulutsa kalata. Kutenga wachiwiri, chimodzimodzi, mpaka kaundula atatha. Eni ake amati mail merge. Ife tidagwiritsa ntchito Excel pa kaundula ndi Microsoft Word pa kalata, zomwe zimapezeka pa kompyuta iriyonse ya m'masitolo otaipira m'tauni.

Musaganize kuti ndi za dzulodzulo. Cha m'ma 1980 pulogalamu yolembera yotchedwa WordStar idali kale ndi mnzake wotchedwa MailMerge wogwira ntchito yomweyi. Mu 1987 anthu ena ku Texas adatulutsa ina yotchedwa ACT! yosungira maina a makasitomala, manambala awo, tsiku limene mudayankhulana komaliza ndi zimene mudagwirizana, kenaka n'kumawalembera onse makalata. Kunena mwachidule, kope la achemwali lovala suti.

Zaka zimenezo kuno kwathu makina ochulukitsa mapepala adali chinthu choopsa kukhala nacho. Akuluakulu akukumbukira 1992, itawerengedwa kalata ya mabishopu a Katolika pa 8 Malichi, momwe anthu ankatengedwera ndi apolisi chifukwa chongopezeka ndi pepala la fotokope kapena la fakisi. Kalata imeneyo idalibe dzina la wolandira ndi mmodzi yemwe, koma idagwedeza dziko lonse mpaka tidaponya voti ya riferendamu pa 14 Juni 1993. Yathuyi idali ndi maina 74, ndipo idagwedeza Geisha yekha.

Poti pabanja pathu wodziwika ndi zolembalemba ndine, mawu a kalatayo adandipatsa ine. Ndidaikhalira pansi usiku wonse. "Okondedwa ......, tikuthokoza chifukwa chokhala kasitomala wathu. Tikukukumbutsani mwaulemu kuti pa ...... mudatenga ......, ndipo ndalama yotsala ndi K....... Chonde tithandizane mwezi uno usanathe." Nditaiwerenga ndidadziombera m'manja ndekha.

Kusamutsa kope kulowetsa mu kompyuta kudatidyera masiku atatu, magetsi akuthimathima. Apa ndi pamene ndidazindikira kuti kope la wageni limawerengeka ndi mwini wake yekha. Muli maina ngati "Amake Juniyo", "Aphunzitsi onenepa", "Bambo a galimoto yoyera". Ndiye kuno kumpoto amayi amaitanidwa ndi chiongo cha bambo awo, choncho a NyaUje adalimo atatu, wina wa ku Chiputula, wina wa ku Katawa, wina wa pa mpopi. Achemwali onsewo amawasiyanitsa m'mutu. Kompyuta mutu woterowo iribe, timachita kuitafunira. Idatichitanso chipongwe china: manambala a foni oyamba ndi 0999 kapena 0888 inkawadula ziro wa kutsogolo, poganiza kuti ndi masamu. Chimenechi mnyamata adachigwira n'kuchikonza, ndipo tonse tidakhulupirira kuti tagonjetsa mdani. Tidayesa kalata imodzi, idatuluka bwino ngati ya ku banki.

Tsoka lidabwera usiku womaliza. Muphwa wanga adafuna kuti maina akhale mwadongosolo, kuyambira A mpaka Z, kuti ntchito ioneke ya munthu wophunzira. Adasankha mzere wa maina wokhawo n'kuuuza kuti usanjike. Kompyuta idamufunsa funso m'Chingerezi, ngati akufuna kuti mizere inayo itsatire, iye tulo tiri m'maso adangodina posayenera. Maina adasamuka, katundu ndi ndalama zidatsala pomwe zidali. Tangoganizani munthu atalowa mumsika usiku n'kusinthanitsa zikwangwani za eni mabenchi, katundu osamukhudza. Kukacha wa tomato apezeka mwini usipa, wa usipa apezeka mwini makala.

M'mawa tidakasindikiza m'tauni. Poti ku Geisha ndi madera ambiri a mzinda uno kulibe zoti positi ifika pakhomo, achemwali ankangoyang'ana dzina pamwamba pa kalata, kulilemba pa envelopu, kumata, n'kuuza anyamata a Sacramento kumene munthuyo amakhala kapena kugwira ntchito. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife atatu amene adawerenga kalata mpaka pansi. Tinkati tawerenga kale, si ndi imodzimodzi?

"KOMPYUTA SINAMA"

Tibwerere kwa mayi wa nambala 8 uja. Achemwali adathamangira kuchipinda kukatenga kope. Ngongole yeniyeni ya mkulu wa mpingoyo idali ya chikwama cha sukulu cha mwana wawo, yotsala K9,000. Wigi ndi nsapato zidali za mtsikana wina wogwira ntchito m'tauni amene bamboyo sadamuonepo chibadwire. Tidawaonetsa mayiwo tsamba lake, tsiku lake, zonse.

Mukudziwa chimene adayankha? "Kope mwalemba ndi manja, mukhoza kusintha. Kompyuta sinama."

Mawu amenewa sadandichoke m'mutu mpaka lero. Kope limene lidalembedwa tsiku lenileni la malonda, pamaso pa wogula, lidaluza mlandu kwa pepala limene tidalipanga dzana ndi maso atulo, chifukwa chakuti pepalalo lidali lotaipa ndipo lidatchula munthu dzina. Bamboyo adalumbira mpaka kutchula manda a amayi ake. Chidawapulumutsa n'chakuti tiri mkati mokangana padafika anthu ena awiri, aliyense kalata m'manja, wina akufunsa za madiresi a ana pomwe alibe mwana, wina akuseka kuti iye wadazi lomwe lija wigi ndiye ikadamuyenera. Apo ndi pamene mayi uja adamasula chitenje m'chiuno n'kupempha madzi akumwa.

Zoseketsa zidathera pomwepo. Madzulo ake kudabwera mayi wamasiye, mwakachetechete, n'kuika envelopu pa tebulo. Idali ndi dzina la malemu amuna awo, amene adatisiya miyezi inayi m'mbuyomo. "Okondedwa Bambo Uje, tithandizane mwezi uno usanathe." Achemwali maliro amenewo adagonera, adaphika nawo, ndipo ngongoleyo adaikhululuka mumtima tsiku lomwelo. Koma m'kope sadafufute, ndipo mnyamata potaipa adangokopera. Apa vuto silidali kusokonekera kwa mizere. Kompyuta sipita kumaliro. Achemwali adagwada pansi kupepesa, misozi iri chuchuchu, ndipo ine ndidasowa poyang'ana.

Ndiye pali wachitatu, mphunzitsi wina amene ngongole yake idali yaikulu kuposa onse, K186,000 ya zitenje za chinkhoswe. Kalata yake idati yotsala ndi K7,500. Munthu amene kwa miyezi isanu ndi umodzi foni yake inkangoitana osayankhidwa, tsiku limenelo adatumiza K7,500 pa foni dzuwa lisanapendeke, n'kulemba uthenga woti, "Yewo chomene, tamalizana." Kalatayo adaisunga bwino mu pulasitiki.

Masabata awiri otsatira achemwali adayenda wapansi kuposa kale lonse: Mchengautuwa, Chibavi, Masasa, Luwinga, khomo ndi khomo, kope m'manja, kupepesa ndi kulandanso makalata. Nsapato zimene tinkafuna kupulumutsa zija zidatha ndithu. Tiri mkati mwa ulendowu ndidakumbukira chinthu china chimene chidandiumitsa thupi: kaundula yense, maina, manambala ndi ngongole za anthu 74, tidamusiya pa kompyuta ya sitolo yosindikizira ija, pamene aliyense wobwera kudzataipitsa kalata yofunsira ntchito akadatha kumutsegula. Ndidakwera Sacramento kukaimirira pamenepo mpaka atafufuta ndikuona.

AKAKUTCHULA DZINA

Chichitikireni zimenezi, mauthenga obwera pa foni yanga ndimawayang'ana ndi diso lina. Banki ikandifunira mafuno abwino pa tsiku langa lobadwa, kunditchula dzina lonse, ndimadziwa kuti palibe bwana amene wandikumbukira. Ndine mzere chabe m'kaundula wawo. Zimenezo ziribe mlandu. Mlandu ndi wakuti akuba nawonso adaiphunzira nzeru yomweyi kalekale. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 makalata ochokera ku Nigeria ankafika pa positi ndi pa fakisi m'maiko ambiri, otaipa bwino, otchula munthu dzina ndi udindo, olonjeza mamiliyoni ukangotumiza kaye kangachepe. Adatchuka ndi dzina loti 419, kutengera gawo la malamulo a dzikolo loletsa kuba mwachinyengo. Wolandira ankadziona wosankhika, osadziwa kuti kalata yomweyo yapita kwa anthu zikwi.

Lero envelopu sifunikanso. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo ndani wa inu sadalandirepo uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena woti mwapambana mphoto ya mpikisano umene simudalowe? Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akunena poyera kuti ena mwa mauthengawa amachokera mkati mwa ndende ya Zomba. Mu 2017 tidalembetsa ziphaso za unzika, mu 2018 tidafola kulembetsa masimu khadi, komabe mbava sizidagone. Uthenga wopanda dzina ambiri tidauzolowera, timangofufuta. Woopsa ndi wokutchula dzina, n'kutchulanso kuti umagulitsa nsomba kapena kuti katundu wako ali pa Songwe. Mtima umati myaa, ameneyu akundidziwa.

Maina amawatenga kuti? Kwa ife tomwe. Kope la ejenti wa ndalama za pa foni losiyidwa chotsegula pa kauntala, ndandanda wa chipepeso pa maliro, wa komiti ya ukwati, wa banki m'khonde, magulu a WhatsApp amene timalowetsedwa osafunsidwa, ndi kaundula woiwalika pa kompyuta ya m'tauni ngati wathu uja. Munthu wa foni ya kamera amajambula tsamba lonse m'kuphethira kwa diso.

Dziwaninso kuti mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo loteteza mbiri za anthu, lotchedwa Data Protection Act, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Mutu wake ndi wakuti wosunga maina, manambala ndi mbiri za anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, azigwiritse ntchito pa cholinga chimene adazitengera, ndipo azisunge motetezeka. Mwini dzina ali ndi ufulu wofunsa zimene mukusunga za iye ndi kuuza kuti zolakwika zikonzedwe. Wina akabwera pa benchi panu kuti mumugulitse manambala a makasitomala anu, kaya akuti ndi wa kampani ya ngongole kaya wa chipani, muuzeni apite.

TIDABWEREZANSO

Mwina mukuganiza kuti laputopu tidaiponya m'chimbudzi. Ayi ndithu. Wopsa ndi phala sasiya kudya. Ine maganizo anga ndi akuti chipangizochi n'chabwino kwa wageni amene makasitomala ake apitirira amene angawasunge m'mutu, ndipo chikumbutso cholembedwa mwaulemu chimachotsa manyazi a mbali zonse ziwiri: wokongoza sachita kuima pa geti ya ofesi ngati wopemphetsa, wokongola sachita kubisala kuseri kwa kabati. Patatha miyezi iwiri tidayesanso, koma mwa mtundu wina.

Achemwali adayamba akhala pansi ndi kope n'kuchotsa onse osayenera kulandira kalata ya makina: oferedwa, odwala, achikulire amene ulemu wake ndi kuwayendera, ndi abale. Otsalawo adawafunsa mmodzimmodzi ngati akufuna chikumbutso cha pepala kapena cha pa foni, ndi kumene chizifikira. Mudzadabwa kuchuluka kwa amene adati, "Chonde kunyumba ayi." M'kalata tidachotsamo mpata wa katundu. Zoti munthu adatenga wigi kapena kabudula zimatsala m'kope. Kalata imangonena ndalama ndi tsiku. Tidaonjezanso mzere wina m'kaundula wa momwe munthu amaitanidwira, kuti amene ndi Adada akhale Adada, amene ndi Madamu akhale Madamu, osati aliyense "Okondedwa" ngati tikufunsira mbeta. Mnyamata adaphunzira kuti posanja maina amasankha kaundula yense, ndipo Word yomweyo iri ndi poonera kalata iriyonse isanasindikizidwe. Koma chachikulu chidali ichi: kalata iriyonse, achemwali ankaiwerenga mokweza, ine ndikulondola ndi chala m'kope. Zidatitengera madzulo amodzi okha.

Za katundu watsopano sitivutikanso ndi mapepala. WhatsApp iri ndi njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ofika 256 nthawi imodzi, aliyense n'kuulandira payekha osaona anzake. Kungoti umafika kwa okhawo amene adasunga nambala yanu, ndipo sutchula munthu dzina. Pa kulengeza kuti zitenje zafika ndi yabwino zedi. Pa ngongole ayi, ndipo amene amaponya maina a angongole pa gulu kuti awachititse manyazi akudziputira milandu ndi udani wa chikhalire.

Ulendo wachiwiriwu anthu angapo adabweza, ena adabwera kudzapempha kuti azipereka pang'onopang'ono, ena adakhala chete monga mwa nthawi zonse. Achemwali adapeza yokwanira ulendo wa ku Kyela. Mayi wa nambala 8 uja tsopano ndi kasitomala, koma akamalipira amati alembe okha m'kope ndi dzanja lawo, ndipo asanatseke amayamba asanthula tsamba la amuna awo.

Watsala ndi mphunzitsi uja. Akuti iye ali ndi umboni wotaipa, ife tiri ndi kope la pansi pa pilo. Nkhaniyi yafika kwa amfumu a m'dera lathu, ndipo akuti tikakumane Loweruka likudzali, aliyense ndi mapepala ake. Mboni yoyamba kuitanidwa ndine, mlembi wa kalata.